Wakumbuyo kwa Thabwa

Lemba momwe ndikunenera, usakonzekonze ayi. Ndikakhota, iwenso khota.

Ine ku Kepi Tauni kuno sindinabwere kudzaona phiri lija mumajambulitsapo. Ndinabwera chifukwa abambo ako anawadula mwendo. Shuga. Iwe unali usanayambe ndi sukulu yomwe, amayi ako ankakusiya ku kireshi m'mamawa popita ku ntchito yawo ya m'nyumba ku Table View. Ndiye pakhomo pankatsala munthu wamkulu yekhayekha, mwendo umodzi, tsiku lonse. Ananditumizira uthenga kwathu ku Ntcheu, ine n'kukwera basi, masiku angapo matako kuchita dzanzi, mpaka kudzatsikira ku Delft.

Nyumba ija ukuikumbuka? Pabalaza, pomwe tinkaphikiranso n'kugonapo ine ndi iwe, kenako kuchipinda kwa makolo ako. Basi yatha. Ndege zinkadutsa ngati zikufuna kutera pa malata. Tsono apa mvetsa, chifukwa ana a kuno simudziwa. Kwathu mwana wamwamuna akakwatira, mayi wake salowa kuchipinda kwake. Salowa. Amayi anga anamwalira osapondako kuchipinda kwa achimwene, ndipo ine ndinakula nazo choncho. Chakudya ndinkaika pa kampando pakhomo, n'kukakankha ndi ndodo ya mopu mpaka kafike pabedi. Zosambitsa ndi zosintha zinali za amayi ako.

Masabata oyamba abambo ako sankalankhula. Munthu woti ankakwera mitengo ya azungu kukadula nthambi, ankangogona kuyang'ana khoma. Ndikati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" amvekere, "Bwino." Kwatha. Ine n'kukhala pabalaza kumamvera ndege.

Chinawatulutsa ndi gemu. Bwana wawo wa ku gadeni anabweretsa kabokosi kakuda kolumikiza ku TV, ana ake atatopa nako, ndi marimoti awiri a zingwe. TV inali pabalaza. Ndiye m'mawa uliwonse amayi ako asananyamuke ankaitana aneba athu, bambo ena a ku Mangochi ogulitsa zikwama ku Bellville, awiriwo n'kuwanyamula kudzawakhazika pa sofa.

Gemu yake, abale, kaya anaipanga anali atalawa chiyani. Tianthu tiwiri tadazi tanyamula thabwa lalitali, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo pathabwapo pagona chinkhumba chonenepa chovala masokosi. Ntchito yanu n'kudutsa nacho mu tauni yonse osachidzutsa. Mukagunda khoma kapena mukapendeketsa thabwa, chimadzuka, kukuwa, n'kukudyerani nsapato, mwayambiranso. Akuti magemu a nkhumbayi analipo angapo otsatizana, ife tinali ndi yachiwiri. Koma munthu mmodzi sizinkatheka. Wakumbuyo ankangoima ngati chitsa.

Tsiku lachiwiri ndinangomva, "Amayi, tagwirani ichi."

"Ine? Ndi pensulo yomwe sindinaigwirepo."

"Palibe zowerenga apa. Chala chachikulu ikani apa. Inu ndinu wakumbuyoyo."

Usaseke iwe, lemba. Tsiku limenelo nkhumba inadya nsapato zathu mpaka nthawi yokakutenga ku kireshi. Iwo akukuwa, "Kumanzere amayi! Kumanzere kwanu, osati kwanga!" Ine ndikutembenuka thupi lonse pa mpando ngati rimotiyo ndi khasu. Pa kona ina anathamanga, thabwa n'kundisiya, ine mtima kupsa, ulemu wonse n'kuiwala. Ndinati, "Iwe, munthu wa mwendo umodzi liwiro lotere ukulitenga kuti?"

Nditangotero ndinagwira pakamwa. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anaseka mpaka misozi, mpaka kutsokomola, ine n'kuthamangira madzi. Kuyambira pomwe ndinatsika basi, ndi tsiku limenelo ndinaona mano a mwana wanga.

Kuchokera apo inali ntchito yathu. Ndikatsuka mbale, ndikasesa, tayamba kunyamula. Aneba aja akabwera kudzawabweza kuchipinda ankayang'ana kumbali n'kumati, "Agogo, pa nyama zonse za Mulungu, mwasankha kunyamula imeneyi?" Ine ndinkati, "Yavala masokosi iyi, ndi yaukhondo."

Koma chimene ndikufuna uchilembe bwino ndi ichi. Maso akakhala pa TV, pakamwa pamamasuka. Zimene abambo ako sakanandiuza titayang'anizana ankandiuza titanyamula thabwa. Ankafunsa za kumudzi, ndani wamwalira, dimba lija akulima ndani. Anandiuza kuti mwendo wodulidwawo umawayabwabe kuchala, amafuna kukanda n'kupeza bulangeti lokha. Anandiuza kuti amachita manyazi mkazi wawo akamalawirira takisi yoyamba iwo ali gone. Ine sindinkayankha zambiri. Ndinkangoti, "Chenjerani ndi njingayo," tikupita.

Kenako kunabwera dzinja la kuno, lozizira ndi mvula pamodzi, zinthu zosagwirizana. Mwendo wotsalawo unayamba chilonda kuchidendene. Kuwanyamula kunasanduka chilango. Ankaluma mlomo kuti ndisamve, koma thukuta pamphumi ndinkaliona, kunja kukuzizira choncho. Tsiku lina aneba aja anati m'mashopu a ku Bellville mwabwera gemu yomweyo ya nkhumba koma ya m'manja, yopanda TV, munthu atha kusewera ali gone.

Amene anachonderera kuti igulidwe ndine. Lemba zimenezo, amayi ako asamadziimbe mlandu. Iwo mpaka anandiuza kuti, "Amayi, kutulukako n'kumene kukuwathandiza." Ine ndinati mpongozi, simukuona mmene akuvutikira? M'mutu mwanga ndinkati kachinthuko kabwera ndi marimoti awiri ngati kaja, chingwe changa chidzafika pakhomo, ine pa kampando, iwo pabedi. Sindinafunse munthu. Ndinangoganiza kuti gemu ndi yomweyo, angoichepetsa ngati diresi.

Kanabwera Loweruka. Kanthu kokwana m'manja awiri, kagalasi kake ngati mabokosi a machesi awiri. Amayi ako anandionetsa pabalaza asanakalowetse. Nkhumba ndi yomweyo, masokosi ndi omwewo, koma thabwa alifupikitsa kuti likwane m'kagalasimo. Maulendonso awadula, akuti anapangira anthu a mu sitima ndi mu takisi, kuti ulendo uthe munthu asanatsike. Kuti thabwa lisapendekeke umapendeketsa kachinthu komweko m'manja, ngati ukupeta. Nzeru anali nazo anthu amenewo, sindikana.

Ndinaima pakhomo n'kufunsa, "Nanga ine ndigwira pati?"

Abambo ako anakatembenuza uku ndi uku, kufunafuna pobaya chingwe. Kenako anati, "Palibe, amayi. Aka n'ka munthu mmodzi. Wakumbuyoyu akuyenda yekha."

Lolemba aneba anagogoda monga mwa masiku onse, abambo ako anati lero ayi, ndipumuleko. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika sabata inayo aneba anasiya kugogoda. Sindikuwadzudzula abambo ako, ululu unali weniweni, ndipo njira yoti asamatuluke ndinawapatsa ndine.

Ndinakoka kampando kuja n'kumakhala pakhomo, chitseko chotsegula pang'ono. Ndinkaona kumiyendo kwa bedi kokha, ndi kumva kanyimbo ka gemu, kopyapyala ngati ka udzudzu. Ndinkafunsa, "Yadzuka?"

"Siidzuka, amayi. Uyu salakwitsa."

"Ndiye mwapeza mnzanu wabwino."

"Akubowa. Ndikamutukwana sayankha."

Tinayesa ndithu kucheza choncho. Ankandiuza, tafika pa mlatho, tadutsa pa msika. Koma kulankhulana kudzera pa chitseko kuli ngati kwa adokotala, funso yankho, funso yankho. Za kumudzi zinatha. Za kuyabwa kwa mwendo sindinazimvenso.

Tapumula kaye dzanja ngati latopa. Ayi? Chabwino.

Linali Lachinayi masana, mvula ikuwaza, amayi ako ku ntchito, iwe ku kireshi. Kanyimbo kaja kanasiya. Ndinamva, "Amayi."

"Ee, bambo."

"Talowani. Mudzakhale pabedi pano. Inu mugwire mbali iyi, ine iyi, tizipendeketsa limodzi. Mwina mungailakwitseko."

Ndinaimirira. Zala za kuphazi zinafika pa mzere pomwe simenti ya pabalaza imathera.

"Bambo, mukudziwa kuti sindingalowe."

"Kuno n'ku Kepi, amayi. Akuonani ndani?"

"Ndikudziona ndekha."

"Mkazi wanga sangadandaule. Ananena kale."

"Dikirani aneba aweruke, akutulutseni, tiyatse ya pa TV ija."

Kenako anati, motsitsa, "Sindingathenso kunyamulidwa, amayi. Inunso mukudziwa."

Ndinkadziwa. Fungo la chilonda linkafika pabalaza, ndinkangonamizira kuti ndi chinyezi cha dzinja. Ndinaima pamenepo dzanja lili pa chitseko, mtima ukuti lowa, miyendo ikukana ngati si yanga. Ndinkamva mawu a amayi anga, ndinkaona akazi a kwathu akundiloza. Anthu oti ali kutali masiku angapo pa basi, ena ali m'manda. Mwana wanga ali pomwepo.

Ndinati, "Ndikakuphikireni tiyi."

Ndili pa chitofu ndinamva kanyimbo kaja kayambiranso, atakachepetsa mawu. Tiyi ndinamukankha ndi ndodo ya mopu monga mwa nthawi zonse. Anazizira pomwepo.

Loweruka kunabwera ambulansi. Ku chipatala ndinakhala pambali pa bedi lawo, poti kumeneko si kuchipinda kwa banja, aliyense amalowa. Ndinawagwira dzanja tsiku lonse, ndinawapukuta kumaso, ndinawauza za dimba ndi za mvula ya kwathu. Koma anali ndi mapaipi m'mphuno, maso akungoyendayenda. Kaya ankadziwa kuti ndine, kaya ankayesa nesi. Sabata siinathe, anatisiya.

Mwambo sindikuunyoza, usalembe ngati ndaunyoza. Unasunga ulemu m'nyumba zambiri, ndi yanga yomwe. Kungoti tsiku limenelo munthu wodwala anapempha mayi wake kuti akhale naye pafupi, mayiyo n'kupita kukaphika tiyi. Amene anapanga kagemu kaja sankandidziwa ine, sankadziwa kuti ku Delft kuli chitseko chotere. Chitsekocho ndinkachidziwa ndine.

Kuchipindako ndinalowa pambuyo pake, ndi amayi a kutchalitchi, pokalongedza zovala zopita ndi thupi kumudzi. Amayi ako ndi amene anandigwira mkono n'kuti, "Lowani, amayi." Ndinkayesa mwina ndimva chinachake ndikaponda. Palibe. Bedi, wadirobu, zenera losweka pakona atamatapo pepala. Anzanga akupinda malaya, ine ndinabwerera pakhomo n'kuyambanso kuyenda mpaka pabedi, ndikuwerenga. Amayi aja ankangondiyang'ana, mwina ankati chisoni chandizunguza mutu.

Mapazi atatu. Anga omwewa, a nkhalamba, aafupiafupi. Lemba kuti atatu.