Kompuresa Yomangidwa Kumtengo

Ndinkapopa matayala pamalo pa amalume, kuseri kwa Msika wa Tsoka. Kirankishafuti, chitsulo chozungulira m'kati mwa kompuresa yathu, itathyoka, amalumewo anaiwotcherera okha n'kusiya chibuluma cha chitsulo mbali imodzi. Kuyambira pamenepo makinawo ankanjenjemera ngati agwidwa malungo.

Ndinawauza kuti, "Amalume, chitsulochi chikulemera mbali imodzi. Tiyeni tikachipalitse kuti kulemera kufanane."

"Iwe wabadwa liti?" anandikalipira. M'malo mokonza, anamangirira kompuresayo kumtengo ndi linya n'kusanjikapo miyala, ngati mbuzi yofuna kuthawa. Munthu wamkulu ndithu!

Tsiku limene paipi yake ya mpweya inaphulika chifukwa cha kunjenjemerako, amene anawerama pamenepo ndinali ine, osati iwo. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero. Akayamba kufotokoza zoti anzathu ansanje anatilodza, ndimawatembenuzira khutu lomwelo.