Chinkhoswe cha Eni ku Milange

Maganizo opita kunja anabwera ndi aneba athu a ku Bangwe, bambo wamtali wokonza mafiriji. Pasipoti yawo inatsala mwezi umodzi kuti ithe ntchito, koma inalibe chidindo ngakhale chimodzi. Anaitenga kalekale akufuna kupita ku Joni, ulendo n'kulephereka. Tsiku lina anabwera nayo kwathu n'kumaitsegula tsamba ndi tsamba pamaso pa ine ndi mayi a kunyumba.

"Taonani, mbee! Ndikadzafa ana adzati bambo athu mayiko ankangowamvera pa wailesi."

Tinagwirizana zokachita holide ya tsiku limodzi ku Milange, ku Mozambique. Achemwali anga aakulu a ku Chilomoni atamva, anati sangatsale. Loweruka la ulendowo, mu Januwale, anatipeza pa depoti ku Limbe atavala wigi yatsopano ndi nsapato zoyera zagogoda, ati m'dziko la eni sapitamo ngati wovutika.

Mvula inayamba tisanafike pa Mulanje. Pa boda ya Muloza inali ikuchita kukhuthuka. Aneba atawadindira pasipoti, anaima pomwepo kuyang'ana chidindocho mpaka anthu a kumbuyo anayamba kudandaula. Kenako anaikulunga m'jumbo ya shuga n'kuilowetsa m'kati mwa malaya.

Tsidya linalo a kabaza anatithamangira, koma aneba anawabweza ndi dzanja.

"Odzaona malo sakwera kabaza," anatiuza. "Azungu amayenda wapansi, n'chifukwa chake amaona zambiri."

Tinauyamba wapansi. Ambulera ya mayi a kunyumba inatembenuka ndi mphepo tisanayende patali, ndiye tonse anayi tinavala majumbo akuda kumutu. Aneba anali atalemba pa pepala zinthu zoti tikaone, koma atalitulutsa inki inali itasungunuka. Mawu owerengeka anali awiri okha: "phiri" ndi "buledi". Aliyense amene tinakumana naye ankamupatsa moni wa Chipwitikizi umene anauloweza sabata yonse, ndipo aliyense ankawayankha kuti, "Tadzuka bwino, kaya inu bambo?"

Pena pake anatiimitsa n'kuloza nkhungu.

"Phiri la Tumbine lili apo. Imani ndikujambuleni."

Tinaima m'matope tikumwetulira, mano akugundana. Mayi wina amene ankadutsa atasenza nthochi anafunsa chimene tinkajambula, ndipo atamva anati phirilo lili mbali inayo. Tinatembenuka, aneba anajambulanso. Zithunzi ziwirizo ndikadali nazo mu foni, ndipo sindidziwa kuti cha phiri ndi chiti.

Nsapato imodzi ya achemwali inatsalira m'matope. Ndinaizula ndi manja awiri, chidendene n'kutsala komweko. Iwo anavula inzakeyo, anavula wigi, anaika zonse m'chikwama n'kupitiriza ulendo opanda nsapato, mutu uli m'mwamba ngati akutsogolera kwaya.

Titayandikira tauni mvula inawonjeza, moti sitinkaonanso msewu. Tinaona nyumba ina itamangidwa lona pabwalo, mipando itandandalikidwa, ndipo tinathamangira komweko kuti tikause. Titangolowa, nthungululu zinaphulika.

"Afika! A ku Malawi afika!"

Mkulu wina wa jekete la bulauni anatigwira chanza ndi manja awiri. "Pepani ndi mvulayi. Tinayamba kuda nkhawa."

Aneba anandinong'oneza kuti, "Mukuona mmene kunja amalandirira alendo? Ife kwathu tikadali kutali."

Anatikhazika kutsogolo. Anatipatsa zitenje zouma, tiyi wotentha ndi buledi, kenako mpunga wa nkhuku. Ine mtima unkandiuza kuti china chake sichili bwino, koma ndinali nditazizidwa ndipo nkhukuyo inali yokoma.

Tili m'kati mwa kudya, amayi anatuluka m'nyumba akuimba, akutsogolera atsikana atatu ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mkulu uja anaimirira.

"A kuchimuna, mbeta yanu ili pamenepa. Tiuzeni kuti ndi iti."

Mayi a kunyumba ananditsina pa ntchafu. "Abambo, ichitu ndi chinkhoswe."

Ndinafuna kuimirira kuti ndifotokoze, koma achemwali anandikoka lamba, fupa lili m'manja. "Khala pansi iwe. Timalize kaye."

Nthawi imeneyo aneba anali ataimirira kale. Anawazungulira atsikanawo kawiri manja ali kumbuyo, anasuzumira zala za kumapazi, kenako analoza wapakati. Atamuvundukula, bwalo lonse linakuwa. Anali yemweyo.

Phokosolo lisanathe, galimoto ya pikapu yodzaza matope inaima pa msewu. Munatsika anthu asanu ndi awiri onyowa chapachapa, pakati pawo mnyamata wa suti yomatirira pathupi, ndi bambo wina wonenepa atakumbatira tambala. Anali atatitimira m'njira kwa maola awiri. Nyimbo zinazima. Bambo wa tambalayo, amene anali malume a mnyamatayo, anayang'ana mbale zathu, anayang'ana ife.

"Awa ndani?"

"Si anzanu?" anafunsa mkulu wa jekete.

Malumewo anawayang'anitsitsa aneba. "Kodi inu si aja munandikonzera firiji ku Ndirande?"

"Ndine ndemwe. Ikuyenda bwino?"

Apo ndinaimirira n'kufotokoza zonse: za pasipoti, za phiri, za mvula. Ndinapepesa katatu. Mkulu wa jekete anaseka mpaka kukhosomola. Anati munthu amene wadya kale sapirikitsidwa, tingosuntha tikhale mzere wachiwiri. Atsikana aja anawalowetsanso m'nyumba n'kuwatulutsa atawasinthanitsa. Malume enieniwo analoza wolakwika kawiri konse, ndipo kachitatu anacheuka kufunsa aneba ndi maso.

Itafika nthawi ya malangizo, achemwali anaimirira popanda wowaitana, chitenje cha eni chili m'chiuno, matope ali m'miyendo. Analangiza ana osawadziwawo za kupirira m'banja kwa nthawi yaitali kuposa ankhoswe onse awiri, ndipo amayi ena ankapukuta misozi.

Tauni ya Milange sitinaione. Pobwerera a kuchimuna anatikweza kumbuyo kwa pikapu yawo, mvula ikadagwabe, ndipo ine anandipatsa ntchito yofungatira thadzi limene a kuchikazi anawapatsa. Linandionongera malaya tisanafike pa Thyolo. Mnyamata wa suti sanatilankhule njira yonse.

Mu Ogasiti kunabwera khadi ya ukwati wawo, ku holo ina ya ku Ndirande. Tinapita tonse anayi. Pa khomo mtsikana wolandira alendo anatifunsa kuti ndife a mbali iti, ndipo tinayang'anana kaye tisanayankhe.