Makina Ankadya Umboni wa Adalaivala Ine Ndikuonerera

Anthu akamva kuti ndimagwira ntchito ya makompyuta amaganiza kuti choopsa chathu chachikulu n'kuwawa kwa msana, ndiye ndikawauza kuti tsiku lina ndinachita mantha masanasana mpaka malaya kunyowa amangoseka. Sekani, koma zimene ndikuuzeni pano n'zoona, sindinachite kumva kwa munthu, zinandichitikira ine mwini ku Cape Town chaka chija kunasowa madzi tikumasamba m'kabeseni. Maina sinditchula chifukwa eni ake alipo.

Ndinkagwira ntchito pa kampani ina yonyamula nsomba m'mathiraki a firiji kuchokera kudoko la Hout Bay kupita m'masitolo. Thiraki iliyonse inali ndi kachipangizo kolemba chilichonse chochitika, kaya firiji ikuzizira bwanji, kaya chitseko chatsegulidwa, kaya wina wakhudza switchi. Zolemba zimenezi ife timati malogi, ndipo zonse zinkakasonkhana malo amodzi pa maseva, makompyuta akuluakulu obwereka a kutali, amene amati klaudi aja, n'kusungidwa masiku 90. Maseva amenewa sitinkawakonza imodziimodzi ayi. Panali fayilo imodzi ya malamulo, ukalemba m'menemo n'kutumiza, makina okha ankagawa malamulowo ku maseva onse.

Fayilo imeneyi tinkaisamala anthu awiri, ine ndi amayi ena amene anayamba kalekale. Anabadwira ku Harare koma agogo awo anachokera kwathu kuno, moti Chichewa chawo chinkatuluka ndi Chishona m'kati, ine n'kumafa ndi phwete. Ndinkawaitana kuti achemwali, iwo ankati achimwene. Mutu wa amayi amenewa, abale, sindinauonenso kwina, koma anali ndi zizolowezi ziwiri zimene zinkanditopetsa kwabasi. Choyamba, sankalola kuti kanthu kalowe m'fayilo ija osawerengedwa ndi anthu awiri, ndipo iwo ankawerenga mokweza chala chili pa sikirini ngati mphunzitsi wa sitandade wani. Chachiwiri, pulogalamu yofufuta malogi akale anaikonza dala kuti iziyenda mochedwa, izifufuta tsiku limodzi, idikire mphindi zisanu, kenako tsiku lina. Ine ndinkawaseka kuti nthawi ino munthu sungayende pa ngolo ya ng'ombe, ndipo ndinali nditanena kuti sabata yotsatira ndiichotsa mphwayi imeneyo. Iwo ankangoyankha kuti chinthu chofufuta sachithamangitsa.

Tsono panali adalaivala ena a ku Mzimba, bambo aulemu wawo, amene nthawi zina tinkakwera takisi imodzi kuchokera ku Delft. Katundu wawo wa nsomba anali ataola m'njira, akuluakulu n'kumati anazimitsa firiji dala. Mlandu wawo unali woti ukambidwe Lachinayi, ndipo akanapezeka olakwa ntchito ikanathera pomwepo, ndi ana atatu pasukulu kumudzi. Iwo ankalumbira kuti switchi sanaikhudze. M'takisi anandiuza m'Chichewa chawo cha Chitumbuka kuti alibe mboni ina koma makina anga aja, ine n'kuwalimbitsa mtima kuti asadandaule, makina sanama. Nsombazo zinaola masiku 40 m'mbuyomo, ndipo a ku ofesi anali atandipempha kale kuti nditulutse malogi a tsiku limenelo, koma ine ndi mawamawa wanga ndinali ndisanachite.

Lachiwiri m'mawa achemwali anapita ku Somerset West kukaona makina a kunyumba yozizira yosungiramo nsomba. Cha m'ma 9 koloko kunabwera uthenga woti malo osungira malogi akudzaza. Ine ndinali ndi fayilo ina imene ndinkayeserera pa maseva oyeserera, ndipo inali ndi mankhwala a vuto limenelo. Ndinati ndidikire munthu pa kanthu kakang'ono chonchi? Ndinakopa fayilo yonse, n'kutumiza ndekha, n'kupita kukamwa tiyi mtima uli mbee. Chimene ndinaiwala n'chakuti pa maseva oyeserera malogi tinkawasunga masiku 7 okha.

Cha m'ma 12 koloko ndinatsegula kuti tsopano nditulutse malogi a adalaivala aja, koma ndinaona kuti mndandanda wa masiku wafupika. Ndinapukuta m'maso. Ndikuyang'anitsitsa chonchi, tsiku lina linazimiririka ine ndikuona. Mayo ine! Pulogalamu ija inali itauzidwa kuti chilichonse choposa masiku 7 ndi zinyalala, ndiye inayambira ku masiku akale kudya ikubwera kuno, ndipo pakati pa iyo ndi tsiku la adalaivala panatsala masiku 14 okha.

Apa ndinene chilungamo ngakhale chikundichititsa manyazi. Njira yoyenera ndinkaidziwa, kukonza m'fayilo momwemo n'kutumizanso, koma fayilo ija imasunga dzina la aliyense woikhudza ndi chifukwa chake, ndipo ine sindinafune kuti achemwali adziwe. Ndiye ndinalowa pa seva mwakachetechete, n'kufufuta 7 uja ndi dzanja, n'kulemba 90. Kudya kuja kunaima. Ndinapuma, mpaka ndinatuluka kukagula tchipisi, munthu wopusa ine. Pobwera ndinapeza 7 wabwerera pamalo pake, masiku ena asanu ndi limodzi apita.

Ndinalembanso 90, ulendo uno ndinakhala pompo osaphethira. Patangopita mphindi zochepa nambala ija inasintha yokha, manja anga ali pamiyendo, ndipo itangosintha tsiku lina linalumidwa nthawi yomweyo. Ndinalembanso, inabwereranso. Inu munaonapo chinthu chikukufufutirani zimene mwalemba, m'chipinda muli nokha, dzuwa likuwala pawindo? Ndinaganiza za akuba a pa intaneti, kenako, Mulungu andikhululukire, ndinaganiza kuti wina kudepoti ya mathiraki wapita kwa asing'anga kuti adalaivala aja achotsedwe basi. Ine munthu wa sukulu yanga, wa tchalitchi changa, ndinayamba kupemphera mokweza kiyibodi ili nyowee ndi thukuta. Foni inali pomwepo patebulo koma manyazi anandigwira dzanja.

Achemwali analowa kutatsala masiku atatu, atavalabe chijekete cha kunyumba yozizira. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana sikirini, n'kundifunsa kuti ndakhudza chiyani. Ndinaulula zonse ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma iwo anangondiuza kuti ndichotse manja pa kiyibodi, n'kukoka mpando. Sanalimbane ndi nambala ija n'komwe. Anayamba aimitsa pulogalamu yofufutayo, kenako anandifunsa kuti pa zonse zatsalazi chimene munthu angalire nacho ndi chiti. Nditatchula tsiku la adalaivala, analikopera malo awiri osiyana, n'kutsegula kuti aone ndi maso awo kuti lilimo lonse. Nthawi yonseyi ankang'ung'udza kanyimbo ka Chishona ngati akusankha nyemba.

Atatero m'pamene anandiuza kuti palibe mfiti kapena wakuba, amene ndinkalimbana naye ndi makina athu omwe. Ntchito yawo n'kuyendera maseva mphindi zingapo zilizonse, akapeza seva yasiyana ndi fayilo amaibwezera momwe fayilo ikunenera, ndipo anandikumbutsa kuti izi anandiuza sabata yanga yoyamba ine ndikusewera pa foni. Makinawo sankalakwa, ankangomvera bodza limene ine ndinawapatsa m'mawa. Kenako anandibwezera kiyibodi kuti ndikonze ndekha m'fayilo, dzina langa lioneke, ndilembenso chifukwa chake mosabisa. Iwo anawerenga mokweza, chala pa sikirini, ndipo tsiku limenelo sindinaseke.

Kwa abwana tinapita limodzi. Achemwali sanandiyankhulire, anandisiya ndinene ndi pakamwa panga, koma nditamaliza anawonjezera kuti nawonso analakwa pochoka osatseka njira yoti munthu atumize yekha, ndipo madzulo asanakwane anali ataitseka. Masiku pafupifupi 50 a malogi anapita osabwerera, ine ndinalandira kalata ya chenjezo, ndipo inali yondiyenera.

Lachinayi malogi aja anawerengedwa pa mlandu. Anaonetsa kuti injini ya firiji inafa yokha cha kufupi ndi bwalo la ndege, switchi yozimitsira palibe anaikhudza, ndipo adalaivala aja anayesa kuilizanso kanayi konse. Ntchito yawo inapulumuka. M'mawa mwake anabwera ku ofesi ndi nsomba yaitali ya snuku yokulunga m'nyuzipepala, akumwetulira, akuti athokoze mwana wakwawo. Sindikanatha kuilandira. Ndinawauza zonse. Anandimvetsera osaphethira, kenako anangofunsa kuti panatsala nthawi yaitali bwanji kuti umboni wawo ufufutike, ine ndinati mphindi 15. Ananyamula nsomba ija n'kukaiika patebulo la achemwali ndi manja awiri, ndipo ine sanandiyankhule sabata yathunthu ngakhale tinkakhala mpando umodzi m'takisi.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti bambo aja anapulumutsidwa ndi mphindi zisanu zija zimene ine ndinkaziseka. Pulogalamu ija ikanakhala yothamanga momwe ndinkafunira, umboni wonse ukanatha tiyi wanga asanazizire, ndipo munthu wosalakwa akanabwerera ku Mzimba ndi dzina loipa chifukwa cha ine. Amayi aja anaganizira tsiku langa loipa ine ndisanalembedwe n'komwe ntchito, ndipo ndimawavulira chipewa. Ndiye inu amene mumalamula makina ambiri ndi fayilo imodzi, musatumize kanthu mnzanu asanawerenge ngakhale kachepe bwanji, ndipo mukalakwitsa musakonzere kuseri, imbani foni nthawi yomweyo. Ine manyazi anga anadya masiku 11 a malogi, ndipo akanadya atatu ena, bambo aja akanalipira ndi ntchito yawo.