Nyanga ya Maswiti ya Sename

Ku Lome aliyense ankamudziwa Dzigbodi wophika buledi, koma ndi ochepa amene ankakumbukira kuti dzina lake laubatizo linali Hedwig. Bambo ake anali kalipentala wachijeremani amene anakwatira mkazi wa konkuno. Ajeremani atagonja pankhondo, mkuluyo anakwezedwa sitima ndipo sanamvekenso.

Afalansa atatenga tawuniyo, Dzigbodi anadzisintha. Anasiya buledi wakuda wa bambo ake n'kuyamba kuphika woyera wautali uja amakonda Afalansa. Amayi a pamsika akamamuseka kuti, "Iwe mwana wa Jeremani, sitima inakusiya bwanji?" iye ankangoseka nawo. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: mwana wake Sename alowe sukulu.

Malo anapezeka. Kutatsala tsiku limodzi kuti sukulu itsegulidwe, Dzigbodi anachita zimene bambo ake anamuchitira iyeyo poyamba sukulu. Anapinda pepala lolimba kukhala ngati nyanga yaikulu, analidzaza mtedza wokazinga ndi maswiti a kokonati, n'kumanga kansalu kofiira kukamwa kwake. Ankayesa kuti azungu onse amatero.

M'mawa mwake Sename anaima pamzere atakumbatira nyanga ija, tsitsi ataluka bwino, anzake akumusirira. Mphunzitsi wamkulu anali Mfalansa amene anakhalapo m'ndende ya Ajeremani. Atafika pa mwanayo anaima, nkhope n'kusintha, ndipo anafunsa kudzera mwa womasulira kuti wamupatsa ndani chinthucho. Sename analoza amayi ake monyadira. Kenako, poganiza kuti bwanayo akufuna kulawa, anatulutsa switi n'kumutambasulira dzanja.

Bamboyo anamenya nyangayo ndi ndodo. Mtedza unamwazika bwalo lonse, koma palibe mwana anawerama kuti atole.

"Bwana akuti zimenezi anaziona ku Jeremani," womasulira anatero maso ali pansi. "Akuti ana a adani salowa pano. Tengani wanuyo, mayi."

Dzigbodi anafuna kunena kuti mwanayo sanaonepo Mjeremani chibadwire, koma anangogwira Sename dzanja n'kutembenuka. Makolo ena anakokera ana awo pambali kuti awiriwo adutse.

Ali m'njira, Sename anafunsa chapansipansi, "Amayi, kodi ndinaigwira molakwika?"

Dzigbodi anabwererako kukapepesa atavala zovala zake za kutchalitchi, koma mlonda sanamutsegulire. Sename anakula osalowapo m'kalasi, ngakhale anali mwana wochangamuka, woti mphunzitsi aliyense akanamunyadira.