Tsiku Limene Bwereza Anakana Kusaina

"Nyamula mapepala akowo uzipita! Ndikulere ine, iwe ukandivulire mwamuna pagulu?"

Ameneyo anali mkulu wake wa Bwereza, manja ali m'chiuno, chikwama ataponya kale pabwalo. Bwereza anatola nsapato imene inagwera m'ngalande, n'kumapita.

Dzinalo anamupatsa ndi mkulu wake yemweyo. Makolo awo atamwalira anamutenga, ndiye mwanayo analephera mayeso kawiri. "Ubwerezanso," ankatero mkuluyo, "mpaka mabenchi akupatse moni." Kachitatu anakhoza, anapita kukoleji, ndipo ntchito anamupezera ndi alamu ake, mwamuna wa mkuluyo, kukampani ya mankhwala kumene iwo ankagwira.

Ntchitoyo muimve bwino, ana inu. Akapanga mankhwala otchipa otengera ena odziwika, anthu amamwa mitundu yonse iwiri, amawatenga magazi, manambala n'kuwalowetsa mu kompyuta kuti inene ngati mankhwalawo akufanana. Tsono alipo mankhwala ena oyenda ngati chidakwa: lero ambiri m'magazi, mawa ochepa, mwa munthu yemweyo. Oterowo amawakulitsira chipata chodutsira mayesowo molingana ndi mmene odziwika aja amadzandirira. Koma chipatacho chili ndi polekezera.

Pulogalamu yowerengera zimenezi analemba ndi alamu aja, miyezi isanu ndi umodzi akutuluka thukuta. Bwereza anamupatsa ntchito yoiyesa, monga muja amayesera sikelo ndi mwala wodziwika kulemera kwake. Anaipatsa mafunso makumi atatu amene mayankho ake anali odziwika kale. Onse inakhoza, kupatula limodzi. Anawerengera ndi pensulo katatu konse. Pulogalamuyo inkangokulitsa chipata osaima, moti mankhwala osayenera akanadutsa akuimba mluzu, n'kukafika kwa odwala.

Apa ndi pamene mwanayu analakwa, ndipo amavomera yekha. Masiku anayi ankakwera galimoto imodzi ndi alamu akewo, kudyera pa tebulo limodzi, "ndipatsireni mchere, alamu," koma za cholakwikacho zii. Mantha. Pakamwa panadzatseguka Lachisanu pamsonkhano, bwana atatambasula pepala kuti asaine.

"Sindisaina."

"Mlamu, funso limodzi pa makumi atatu?" anaseka alamu aja. "Sukulu iliyonse ameneyo wakhoza. Kaya poti iwe zokhoza unazidziwa mochedwa."

Anthu anaseka. Bwereza mtima unamuwawa. Anaimirira, n'kulemba cholakwikacho pa bolodi mzere ndi mzere, osasiyako ngakhale kadontho. Kuseka kunatha. Bwana anawatsitsa udindo alamuwo tsiku lomwelo, madzulo ake ndi pamene chikwama chinauluka.

Mukuganiza kuti bwana anamuthokoza? Mankhwala anachedwa kutuluka, ndiye mwezi usanathe naye anamuchotsa. Ati munthu wosasunga mlamu wake angasunge ndani.

Anakapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya telala wina, kamene ukatambasula miyendo umakankha chitseko. Azakhali awo ndiwo ananenepa nayo nkhaniyi. M'mawa kwa wamkulu: "Mng'ono wako akuti mwamuna wako ndi mbuli." Masana kwa wamng'ono: "Mkulu wako akuti anataya nthawi kulera njoka." Mawu akachoka uku ali kamwana, amafika uko atamera ndevu.

Bwereza ankasita zovala za telala uja, akamaliza n'kukhala pa katebulo kodulira nsalu ndi pensulo yake. Ankapanga mafunso ovuta dala: lina munthu wasiya kumwa mankhwala pakati, lina magazi atsiku limodzi asowa, lina mankhwala akudzandira mopitirira. Lililonse ankaliwerengera pamanja mpaka yankho litakhazikika. Analembera makampani oposa makumi anayi, kupempha kuti aziwayesera mapulogalamu awo ndi mafunsowo. Zaka ziwiri, osayankhidwa.

Kenako kakampani kena kakang'ono kanamuitana, mwina kungofuna kuti asiye kuwavutitsa. Anawapezera zolakwika ziwiri sabata imodzi. Iwo anauza anzawo, anzawo anauza anzawo. Lero ali ndi ofesi yake ndi antchito anayi, ndipo amene anamuchotsa aja amadikira pabenchi ngati wina aliyense.

Chaka chatha panabwera munthu wa imvi, atakumbatira kompyuta. Alamu.

"Ndalemba pulogalamu ina. Iyese."

Bwereza anasowa poyang'ana.

"Unkanena zoona, mlamu," anatero iwo. "Nanenso pakamwa panga panali poipa. Koma ukanandiuza kunyumba, ndikanakonza Lachiwiri."

Akuti alamuwo atatuluka, Bwereza anatseka chitseko nalira ngati wamasiye kachiwiri.

Ndiye inu amene mwagwa, dzukani, musataye mtima, bwerezani mpaka zitheke. Choonadi musachigulitse. Koma ngati wolakwayo mumadya naye, muuzeni mbale zisanachoke pa tebulo.

Pano alamu ndi Bwereza amaimbirana foni sabata iliyonse. Azakhali palibe amene amawayankhula. Mkulu wake wa Bwereza atamva kuti mwamuna wake anapita kuofesi kuja, sanamuyankhule mwezi wathunthu, mwamuna yemwe ankamumenyera nkhondoyo. Mwezi utatha anamukhululukira mwamunayo. Koma mng'ono wake, chino ndi chaka chachisanu ndi chinayi, akakumana naye pamsewu, mkuluyo amawolokera tsidya lina.