Muyezo wa Phazi la Achemwali

Ndikakumbukira a Nachisale, chimayamba kundifika m'mphuno ndi fungo la makoko a manachesi losakanikirana ndi utsi wa minibasi, kenako mawu awo aja osasa, akulimbana ndi kondakitala za mpando wa pawindo. Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu kuseri kwa msika wa pa boma pa Mwanza, ndipo ana tonse tinkangowatcha agogo chifukwa ankatikalipira ngati anatibala okha.

Kamodzi pamwezi ankapita ku Blantyre kukaoda zipi, ulusi ndi mabatani zogulitsa kwa matelala a m'makhonde. Ulendo ukayandikira, pakhomo pawo pankachita mzere ngati pachipatala: uyu akufuna mankhwala a m'maso, uyu galasi la nyali, uyu akamutulire mtedza kwa mwana wake. Kulemba sankatha. Munthu akanena chake, iwo ankamanga mfundo pa kansalu, ndipo sindinamvepo wina akudandaula kuti amuiwala. Za nsapato zinali ndi njira yakeyake. Kwathu za saizi sitinkazidziwa. Wofuna nsapato ankaponda pansi, wina n'kuthyola katsekera pampanda, kuyeza kuchokera pachidendene mpaka chala chachikulu, n'kudula ndi mpeni. Katsekerako n'kamene kankakwera basi m'malo mwa mwini phazi.

Chaka chomwe achemwali anga a Esinati anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko, ine ndinali ndi zaka khumi. Kalata ya kusukulu inati mwana afike Lolemba atavala nsapato zakuda zotseka, pomwe achemwali anali asanavalepo china choposa patapata. Amayi anali ndi khanda la masabata awiri, achemwali ndiwo ankaphika ndi kuchapa matewera, ndiye Loweruka lomaliza anatuma ine kuti ndiperekeze a Nachisale, ndikawathandize kunyamula.

Tikukwera minibasi, agogo anandiika katsekera kaja m'manja.

"Phazi la mkulu wako ili. Ine ndili ndi mfundo zanga zondikwanira. Ukalitaya, Lolemba akalowa m'kalasi ndi patapata."

Pano ndiulule chinthu chomwe ndikadali nacho mpaka lero. Mtima ukangoyamba kuthamanga, ndimatafuna chilichonse chili m'manja: zikhadabo, ngodya ya chitenje, chivindikiro cha bolopeni. Ku koleji anzanga anafika pokana kundibwereka zolembera. Loweruka lija kanali koyamba kuti ndikwere galimoto ya ulendo wautali. Dalaivala ankatsetsereka m'mapiri muja ngati akuthawa munthu, mathiraki a ku Mozambique akutiphonya ndi chimphepo chogwedeza mawindo, ndipo pa Zalewa apolisi anatitsitsa tonse, wina wa mfuti n'kumapisa dzanja m'zikwama. Titawoloka Shire m'pamene ndinamva tizinyalala palilime. Ndinayang'ana m'manja. Katsekera kaja kanali katafupika ndi mfundo yathunthu ya chala.

Agogo anali kalikiliki kusenda nachesi ndi kufotokozera bambo wina wa pambali pawo mankhwala a nyamakazi. Ine ndinatsitsa dzanja, n'kuyamba kukhula nsonga yotafunidwayo pa chitsulo cha mpando, pang'onopang'ono, mpaka inasalala ngati yadulidwa ndi mpeni. Pofika pa Lunzu ntchitoyo inali itatha. Chimenechi n'chimene chimandichititsa manyazi kuposa kutafunako.

Tinatsikira pa depoti ya Wenela dzuwa litakwera. Ine maso anali m'mwamba, pa nyumba zosanjikizana ndi mawaya, koma agogo ankayenda m'tauni ngati m'munda mwawo, dengu pamutu, dzanja langa ali nalo gwa. Pamaloboti sankayang'ana magetsi aja. Ankadikira mayi wina wovala bwino ayambe kuwoloka, iwo n'kumutsatira. "Amenewa sangawagunde," anandinong'oneza. M'sitolo ya mankhwala anamasula mfundo imodzi. Kwa mlonda wina wa pageti, yemwe mayi ake anali a kwathu, anatula mtedza n'kumudzudzula kuti waonda, n'kumasula yachiwiri. Galasi la nyali analikulunga mu duku lawo lapadera, alionetsa kaye kudzuwa ngati lili ndi mng'alu. Paliponse ankapereka moni mpaka kwa anthu osawayankha.

Masana tinakwera minibasi ina ya ku Limbe, kondakitala akupachika mutu pawindo n'kumakuwa maina a malo omwe ine ndinkangowamva pawailesi. Zipi ndi ulusi anaoda msanga, chifukwa wa sitoloyo ankawadziwa. Anandigulira tchipisi cha pachiwaya, chinthu chomwe ndinali nditachilakalaka chaka chonse, koma ndinangochigwira m'manja osadya.

"Ukudwala?"

"Ayi agogo."

"Ndiye idya. Tauni sayenda ndi njala."

Mumsika, nsapato za kaunjika zinali zitaunjikidwa pa masaka, zikununkha polishi ndi chinyontho. Wogulitsa anali bambo wamfupi wa kapusi yofiira. Ataona agogo akulowetsa katsekera m'nsapato imodziimodzi, anaseka mpaka kuitana mnzake.

"Taonani a kumudzi abwera ndi rula yawo! Mami, mwanayo alibe saizi?"

"Saizi yake ndi iyi. Inu yanu munabadwa nayo yolemba pachidendene?"

Agogo anapeza zakuda zazingwe, zachikopa chenicheni, katsekera n'kulowa ndendende. Ananenerera mpaka bamboyo anagwira mutu. Ine ndinaimirira pomwepo, ndikuona nsapato zomwe ndinkadziwa kuti achemwali sangalowemo zikukulungidwa mu jumbo.

Tinabwerera ku Wenela, n'kupeza minibasi ya ku Mwanza itatsala anthu awiri kuti idzaze. Katundu wathu anamukankhira pansi pa mpando. Tili chikhalire, agogo anatulutsa nsapato imodzi n'kuyamba kuionetsa mayi wina wapatsogolo.

"Za mwana wathu izi. Wasankhidwa yekha pa sukulu yonse. Usiku ankawerengera nyali yanga. Lolemba akaponda ndi izi, aphunzitsi adziwa kuti kwabwera munthu."

Ankaipukuta ndi chitenje chawo. Apo ndiye ndinalephera. Ndinalira mokweza mpaka basi yonse inatembenuka, ndipo pakati pa kusisima ndinanena zonse, za kutafuna ndi za kukhula pachitsulo zomwe.

Agogo anatembenukira kwa ine.

"Iwe Felesiya, m'kamwa mwakomo muli mbuzi?"

Anthu anaseka. Dalaivala anali ataliza kale injini. Ndinadikira mbama, koma iwo anamenya denga la minibasi ndi chikhatho.

"Kondakitala, tsegula! Tsitsa katundu wanga."

"Agogo, tikunyamuka. Mukatsika mpando wapita, ndipo inayo idzaza dzuwa litalowa."

"Mpando si mwana wanga. Tsegula."

Tili pansi, katundu ali mbwee pafumbi, anandipukuta kumaso ndi dzanja lawo lokhakhala. "Bola wanena isananyamuke. Ukananenera pa Zalewa ndikanakuponya mu Shire."

Tinakweranso ya ku Limbe, tauni yonse kuidutsa kachitatu, dengu lili pamiyendo.  M'njira agogo ankangoyang'ana dzuwa pawindo, chifukwa a mumsika amayamba kulongedza msanga Loweruka. Tinamupeza wa kapusi yofiira atamanga kale saka limodzi.

"Mami, pano katundu akatuluka watuluka. Rula yanu ija inavomera, ndinaona ndi maso anga."

Ndinaweramitsa mutu, ndikudziwa kuti tsopano msika wonse umva za mwana wodya muyezo. Koma agogo anati, "Ndinayeza molakwa ndine, bambo. Maso akalamba. Mukufuna mwana wa eni akalowe sekondale zala zitapindika chifukwa cha nkhalamba?"

Bamboyo anakana ndithu. Agogo anatula dengu, n'kukhala pa saka lomangidwa lija, kuvula patapata wawo, n'kuyamba kusenda nachesi mwachifatse.

"Mami, ndikufuna kuweruka."

"Werukani. Ine ndigona pompano, ndikulonderani katundu."

Mavenda oyandikana nawo anayamba kumuseka mnzawoyo. "Wapeza apongozi lero!" Mayi wina wogula anati asinthe basi, nsapatozo sizinapondeko n'pansi pomwe. Bamboyo anatukwana chapansipansi n'kumasula saka.

Vuto linali loti muyezo panalibenso. Ndinawanong'oneza agogo zimenezo. Iwo anangotambasula mwendo wawo.

"Mkulu wako amandibera patapata m'mawa uliwonse popita kumjigo, akuganiza sindiona. Chidendene chake chimathera pomwe chimathera changa."

Anayamba kuyesa okha, phazi lawo long'aluka likulowa ndi kutuluka m'nsapato za ana asukulu, mpaka anapeza zakuda zomwe anaimirira nazo, kuyenda masitepe atatu uku akudzigwedeza ngati mtsikana wa Fomu Wanu. Msika unaombera m'manja. Ponyamuka anamusiyira bambo uja manachesi onse otsala mu dengu, iye n'kulandira akupukusa mutu.

Tinafika pa Mwanza usiku, anthu atatsekera kale mbuzi. Achemwali anavala nsapato zija pakhonde, n'kupezeka zokula pang'ono, amayi n'kuti zili bwino, phazi likukulabe. Amayi atafunsa chomwe tachedwera, agogo anati, "Minibasi za masiku ano," n'kulowa kwawo. Mpaka anamwalira, ine ndili chaka choyamba ku koleji, sanauzepo munthu. Amayi akawerenga izi m'pamene adziwe.

Lero ndili ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mantha anga anakula naye limodzi. Mwezi wathawu ndinamusiya pabedi kuti ndikaphule madzi, ndipo ndinangomva kugunda pasimenti. Analira, kenako anatonthola, pamphumi patatuluka chotupa. Bambo ake anali kuntchito, apongozi anga anali m'njira kubwera. Nditazindikira, ndinali nditamuveka kachipewa, ndikukakokera pansi mosamala kuti kabise pamphumipo, masana dzuwa likuswa mtengo. Manja anga anali akugwira ntchito yomweija ya pa chitsulo cha mpando.

Ndinamuvula chipewacho, kumubereka, n'kuthamangira kuchipatala. Anesi atafunsa kuti chachitika n'chiyani, ndinawayankha kuti: "Ndinamusiya yekha pabedi. Ndine." Anamuyeza, n'kuti ali bwino, ndimuyang'anire masiku awiri. Pobwerera ndinakumana ndi apongozi pamsewu, ndipo asanafunse n'komwe, ndinatembenuza mwanayo kuti aone okha pamphumi pake.