A Osamenyetsa ndi Nkhope ya Dona

Saluni yanga inayang'anizana ndi geti la a Osamenyetsa, ndiye musandifunse kuti ndinazidziwa bwanji. Munthu ukamaluka tsitsi, ntchito imakhala ya manja. Maso ndi makutu amakhala pa tchuthi.

Dzinali sanabadwe nalo ayi. Zaka makumi awiri ndi zisanu anali dalaivala wa mabwana pakampani ina, ndipo aliyense wokwera, kaya ndi bwana kaya ndi mlendo wa bwana, asanakhazikike n'komwe ankamva mawu amodzi: "Chitseko osamenyetsa." Kunyumba chimodzimodzi, ngakhale chitseko cha kabati. Akazi awo amati m'banja monsemo mawu achikondi amene anamvapo ndi omwewo.

Atapuma ntchito, anzawo anagula malo, ena anamanga nyumba za lendi. Iwo anatenga za penshoni zonse n'kugula galimoto yomwe ankayendetsa ija, bwana atakhuta nayo. Inali galimoto ya anthu akuluakulu, yoyera mbuu, yaitali yoti mzimayi pokwera ayambe wakwinya siketi. Mipando yachikopa, kafiriji pakati, ndipo ukaima nayo pafupi umangodzimva kuti sunadzole. Anaitcha Dona. Akazi awo ankangoti "mkazi mnzanga", ndipo sankaseka ponena.

Dona ntchito yake inali maukwati. Ine kuluka mkwatibwi, iwo kunyamula. Loweruka lililonse ankatuluka atavala suti yakuda ndi magolovesi oyera, n'kumayenda pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Riboni ankamanga okha, sankalola selotepi pa penti. Mkwatibwi wina analira njira yonse chifukwa anamulanda kabotolo ka chakumwa pakhomo pa galimoto.

Koma akwatibwi onsewo kwa iwo anali ophunzirirapo chabe. Ali ndi mwana wamkazi mmodzi, mzime wawo, namwino. Tsiku limene Dona anafika pakhomo anamukhazika kumbuyo, n'kumuyendetsa kuchokera pageti kukafika pakhonde, mtunda woti nkhuku siitopa. Atazimitsa injini anati, "Tsiku lako, mama, ndidzakuyendetsa ndine. Palibenso wina adzagwire chiwongolero." Mawu amenewa anawauza aliyense mumsewu muno, mpaka wodzawerenga mita ya madzi.

Ndiye chaka chatha opanga galimotoyo anaisintha nkhope. Osati kupanga ina yatsopano, mundimvetse. Injini yomweyo, thupi lomwelo, matayala omwewo. Anangochotsa nyali zikuluzikulu zija n'kuika timizere tiwiri towala, kukamwa anakukulitsa, mabatani a m'kati anawasesa onse n'kusiya galasi limodzi lodinapo ngati foni. Zitseko nazo akuti ukangozikankha pang'ono zimadzikoka zokha n'kutseka.

Lachisanu lililonse eni magalimoto a mtunduwu amakumana kotsukitsa, kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Kumakhala a Kontilakita, a Loya, mayi wina wa masitolo a mankhwala amene ndimamuluka ine, ndi a Osamenyetsa. Iwo yawo ankatsuka okha kunyumba, kumeneko ankangopita kukaima pagulu. Pamenepo pokha ndi pamene munthu amene anakalamba akutsegulira ena zitseko ankatchedwa "mnzathu".

Tsiku limenelo a Loya anabwera ndi chithunzi pafoni.

"Taonani chimene achita anthuwa. Maso ngati munthu wasuzumira mu utsi."

"Nanga kamwalo?" anatero a Kontilakita. "Imeneyi ikufuna kumeza mwana wa sukulu. Ine ngakhale andipatse ulere, ndiika nkhuku."

"Ine ndi zikhadabo zangazi ndizidina bwanji galasi ndili pamsewu?" anatero mayi wa mankhwala. "Ngakhale kuyatsa fani ndizichita kupempha?"

A Loya anatembenukira kwa a Osamenyetsa. "Akulu, inu mukuti bwanji? Paja inu ndiye mumaidziwa mpaka m'matumbo."

A Osamenyetsa anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kubweza foni ndi manja awiri. "Galimoto ndi injini, mabwana. Izi ndi zodzoladzola."

Onse anawomba m'manja. A Kontilakita mpaka analumbira, chala m'mwamba, kuti yawo adzasiyana nayo pamanda. A Osamenyetsa anabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Cholakwa chawo chinali chimodzi, abale: ankayesa kuti munthu wolemera akanyoza chinthu ndiye kuti sachifuna. Ife a saluni timadziwa. Mzimayi akayamba kunyoza wigi ya mnzake, mawa lake amabwera kudzafunsa mtengo.

Miyezi itatu isanathe a Kontilakita anatulukira ndi ya maso otsinzina. Akuti madamu ndi amene anakakamiza. A Loya anati iwo anangosinthitsa chifukwa cha msana. Mayi wa mankhwala anadzadula zikhadabo kwa ine, n'kundiuza kuti galasi lija ndi lokoma ukalizolowera. Lachisanu linalo anthu atatu anali kutsekulatsekula zitseko kuti azione zikudzikoka, akuseka ngati ana. A Osamenyetsa anaima pambali, makiyi m'manja.

"Akulu, inu simusintha?" anafunsa a Loya.

"Yanga ikadali bwino."

"Eee, n'zoona. Zakalezi n'zolimba."

Mawu akuti "zakalezi" anawapeza ngati mwala. Dzulodzulo lomweli inali galimoto, lero yasanduka zakale, chikhalirecho palibe nati imodzi yomwe yamasuka. Kotsukitsa kuja sanapitekonso.

Kenaka akwatibwi anayamba. Amakhala pampando wangawu, mutu uli m'manja mwanga, foni ili kukhutu: "Ndi ya maso akale kapena atsopano? Aaa, akale? Chabwino, tikuimbiraninso." Mwana woti kwawo kulibe ngakhale wilibala, koma maso a galimoto akuwadziwa. Loweruka lina Dona anagona pakhomo. Kenaka awiri otsatizana. A Osamenyetsa ankavalabe suti, n'kukhala pakhonde, foni pabondo.

M'nyengo yomweyo mzime uja anapeza mwamuna, mphunzitsi wofatsa, tsiku n'kuikidwa. Anabwera kwa ine kudzayesa masitayilo ali ndi mnzake, ndipo mnzakeyo, kamwa ngati lumo, anati, "Koma iwe ukakweradi ya adadi ako ija? Zithunzi sizikalamba bwino, udziwe. Anthu adzayesa unakwatiwa kalekale."

Mwanayo anaseka n'kuti, "Ikanakhala ya maso atsopano bwenzi zili bwino, koma nanga n'kutani. Ndi adadi."

Basi, anangonena zomwezo. Ine ndinauzako amayi ake madzulo pogula makala, mwina ndinasiyako mbali yomaliza ija, sindikukumbuka bwino. Amayi akenso anakafikitsa ndi mchere wawo. Pofika m'makutu mwa bambo, nkhani inali yoti mwana akuchita manyazi ndi Dona.

Sanakalipe. Anangokhala masiku awiri osatsuka galimoto, chinthu chimene sichinachitikepo ngakhale tsiku la maliro a mchimwene wawo.

Kumapeto kwa msewu wathu kuli mmisiri wowongola magalimoto, timamutcha Zitheka, chifukwa palibe chimene anayankhapo kuti sichitheka. Ameneyo ndiye anawauza kuti nkhope yatsopano imagulitsidwa payokha, yongofanizira, imabwera m'makatoni: nyali, bampala, kamwa lonse.

"Sabata imodzi, madala. Ngakhale amene anaipangayo sadzaizindikira."

"Osadula chilichonse?"

"Pang'ono pokha. Ngati kumeta ndevu."

Kuti makatoniwo abwere, a Osamenyetsa anagulitsa nyali zenizeni za Dona, bampala ndi kamwa lomwe, kwa munthu wina amene yake inachita ngozi. Akazi awo anawagwira mkono pageti. "Bambo ake, mkazi mnzangayu sindimukonda, koma musamucheke." Iwo anati, "Ndi za mwana."

Sabata inasanduka masabata asanu. Nyali zatsopano zinali zopyapyala, mabowo akale aakulu, ndiye Zitheka anadula uku, n'kuwotcherera uko, kotsala n'kumata. Atadula boneti anapeza kuti bampala ndi yaifupi ndi zala ziwiri. Anadulanso kwina kuti zikumane. A Osamenyetsa ankapita m'mawa uliwonse n'kukhala pa tayala lakutha, chipewa m'manja, ngati munthu wodikira kunja kwa chipinda cha opaleshoni.

Tsiku limene Dona anabwerera, msewu wonse unatuluka. Ine ndinasiya kasitomala mutu uli theka.

Abale inu. Diso lamanzere linali m'mwamba pang'ono kuposa linzake, ngati munthu amene akukukayikira. Penti yakutsogolo inali yoyera kuposa yakumbuyo, moti ukaiona cham'mbali umayesa yadzola ufa n'kuiwala khosi. Ndipo kompyuta ya galimotoyo inazikana nyalizo. Diso limodzi linkangophethira lokha, m'kati kabelu kakulira, ting, ting, ting, osaleka. Zitheka anati kazolowera.

Palibe anaseka, ndipo kusasekako n'kumene kunapweteka. Wogulitsa makala yekha ndiye anati, "Koma yasintha," n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

Mzime anafika kuchokera kuntchito ali mu yunifolomu. Anaima pageti, chikwama chinagwa.

"Adadi, mwamutani Dona?"

"Si unafuna maso atsopano, mama?"

"Ine? Ndinanena liti?" Anatembenuka n'kuyang'ana saluni yanga. Ine ndinali ndikufuna chipeso pansi pa tebulo.

Analira mwanayo, n'kunena kuti akwera momwemo, iphethire isaphethire. Anabwereza katatu. Koma a Osamenyetsa anazungulira galimoto yawo kamodzi, pang'onopang'ono, n'kuima kutsogolo. Munthu uyu wanyamula akwatibwi osawerengeka, amadziwa pamene wojambula amaima.

"Ayi," anatero. "Mwana wanga sangajambulidwe ndi chimenechi."

Anapita kwa amene anagula nkhope yakale uja, anapeza inamangidwa kale pagalimoto ina. Ndipo ngakhale akanaibweza, ikanakhala pati? Malo ake anali atadulidwa. Atapita nayo kwa ogulitsa magalimotowo, antchito akumeneko anangoisuzumira pawindo n'kuitana anzawo kuti adzaone.

Kutatsala masiku anayi kuti ukwati uchitike, anavala suti n'kupita ku ofesi ya a Kontilakita. Anadikira pabenchi maola awiri. A Kontilakita anawalandira bwino, n'zoona, anati galimoto atenge, mafuta omwe athiramo, mwana wa mnzathu ndi mwana wathu.

"Koma ipita ndi dalaivala wanga, akulu. Musandimve molakwa. Izi n'zamagalasi, zimafuna wozizolowera."

"Ndayendetsa zaka makumi atatu, bwana. Sindinagundepo ngakhale galu."

"Ndikudziwa. Inu tsiku limenelo mukapume, ndinu bambo a mkwatibwi."

Loweruka ndinamuluka mwanayo bwino kuposa aliyense amene ndinamulukapo, ndipo sindinamulipiritse, musafunse chifukwa. Sanandilankhule. Galimoto ya a Kontilakita inaima pageti, riboni atamata ndi selotepi paboneti penipeni. A Osamenyetsa anaiona selotepiyo. Anatsegulira mwana wawo chitseko, n'kusonkhanitsa diresi lonse kuti lisapanidwe. Kenaka, mwa chizolowezi, miyendo inawatengera mbali ya chiwongolero. Anapeza muli munthu, akutafuna chingamu.

"Mbali inayo, madala."

Anazungulira. Magolovesi oyera aja ndinawaona akusuzumira m'thumba la jekete. Anakhala pampando umene sanakhalepo chibadwire, n'kugwira chitseko ndi manja awiri kuti achitseke mwaulemu monga achitira moyo wawo wonse. Chisanafike n'komwe, chinawapulumuka n'kudzikoka chokha, fwii, osamveka ngakhale pang'ono. Anakhala akuyang'ana manja awo. Galimoto inanyamuka mothamanga, n'kudumpha bampu wapakona pa msewu wathu osachepetsa liwiro.

Papita miyezi isanu ndi iwiri tsopano. Foni ya maukwati inasiya kulira. Wina anadzafunsa ngati Dona anganyamule mbuzi, wina anafuna injini yokha. Akazi awo anayamba kugulitsa zovala zakaunjika pakhonde, ndipo mawu oti "mkazi mnzanga" anawasiya, amati munthu sunyoza wodwala. Mayi wa mankhwala anandiuza dzana kuti kotsukitsa kuja kwayambanso maliro: akuti chaka chamawa ikutuluka ina, yosintha thupi lonse, ndipo a Kontilakita alumbira kale kuti ndi yonyansa.

Dona anamuimika mphuno kukhoma, pafupi kwambiri moti pakati sipadutsa mphaka. Ukadutsa pamsewu umangoona kumbuyo, ndipo kumbuyoko akadali Dona yemwe uja. M'mawa uliwonse a Osamenyetsa amatuluka ndi ndowa ndi kansalu kofewa, n'kutsuka kuyambira kumbuyo mpaka pa zitseko zakutsogolo. Akafika pamenepo amafinya kansalu, n'kutaya madzi.